Msonkho Umene Sitilipira Amatilipirira Ndani?



Nthawi iliyonse pamene nduna ya zachuma ikukonzekera kukapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, kapena pamene mlaliki wina waoneka m'galimoto yoti mphunzitsi wa ku pulayimale sangaigule ngakhale atasunga malipiro ake onse mpaka kupuma pantchito, funso limodzi limabuka m'maminibasi ndi pa mawailesi: kodi n'chifukwa chiyani mipingo silipira msonkho? Ena amapitirira nafunsa za oimba, a zisudzo ndi osema ziboliboli, amene nawonso akhala akupempha kuti boma liziwaganizira pa nkhani ya msonkho. Amati: kodi kuvina ndi kuseketsa anthu kudasanduka liti ntchito yachifundo?

Sabata ino tafuna tiikambe nkhaniyi mosapsatira mawu, pakuti yankho limene timalimva pakhomo pa tchalitchi Misa ikatha silitikhutiritsa, ndipo limene timalimva kwa odana ndi Mpingo silitikhutiritsanso. Ife tikuti mipingo ndi magulu a zaluso ndi oyeneradi kukhululukidwa msonkho. Koma chimene chiyenera kukhululukidwa ndi ntchito yothandiza anthu, osati dzina lolembedwa pachipata. Ndipo aliyense wolandira chikhululukiro chotere ali ndi ngongole kwa anthu amene akumulipirira, ngongole yoti mabuku ake a chuma akhale poyera.

Tiyambe ndi ngongoleyo, chifukwa ndiyo imaiwalika msanga. Boma likakhululukira munthu msonkho, mtengo wa mankhwala a ku chipatala cha Kamuzu Central kapena ku Queens sutsika, ndipo msewu wa M1 sufupika. Ndalama imene sidatoleredwe kwa uyu imakatoleredwa kwa wina. Winayo ndi mayi wogulitsa tomato amene amadula chiphaso cha pamsika m'mawa uliwonse asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Ndi namwino amene msonkho wa PAYE umadulidwa pa malipiro ake iye asanawaone n'komwe. Ndi mnyamata wa kabaza amene akagula mayuniti a foni amalipira msonkho mosadziwa. Mwa anthu amenewa muli Asilamu, muli a mipingo ina, muli opembedza mwa chikhalidwe cha makolo, mulinso ena amene chibadwire sadapondepo m'nyumba yopemphereramo. Onsewa amaponya kangachepe m'mbale ya parishi yathu popanda wowafunsa. Akuluakulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Pa nkhani ya msonkho ife ndife okwera pamsanapo, ndipo amene akunyowa miyendo ndi anthu tawatchulawa.

Lamulo la misonkho la dziko lino, limene bungwe la MRA lakhala likuliyendetsa chiyambire ntchito zake m'chaka cha 2000, limachotsa pa msonkho ndalama zolowa m'mabungwe a chipembedzo, a chifundo ndi a maphunziro, koma limaikapo malire ofunika zedi: bungwelo likhale lotumikira anthu ambiri, osati la munthu kapena banja. Malire amenewa ndiwo mutu wa nkhani yonse. Lamulo silifunsa za kuyera kwa mtsogoleri kapena kukoma kwa kwaya. Limafunsa ngati khomo lili lotseguka. Tidziwenso kuti chikhululukirochi sichifika ponseponse monga ena amaganizira. Mphunzitsi wa pa sukulu ya mishoni amadulidwa PAYE monga mnzake wa pa sukulu ya boma, ndipo Bambo Mfumu akathira mafuta m'galimoto popita kukachita Misa ku matchalitchi a kumidzi, amalipira mtengo womwewo umene dalaivala wa minibasi walipira, pamodzi ndi misonkho yonse yobisala m'mtengomo.

Tsono kwa iwo amene akuti mipingo yonse ikhomedwe msonkho ngati masitolo, tili nalo funso. Kodi mudadwalapo usiku muli ku Namitete, ku Muona, ku Nguludi, ku Mua kapena ku Phalombe? Mudakagogoda pa khomo la yani? Zipatala za St Gabriel, Trinity, St Joseph ndi Holy Family, pamodzi ndi za anzathu a CCAP ku Nkhoma, ku Ekwendeni ndi ku Embangweni, za a Anglican ku Malosa ndi za a Seventh Day ku Malamulo, zili pansi pa bungwe la CHAM, limene limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi kumene boma silidafike mokwanira. Mwana wosamva wa ku Dedza amaphunzira kulankhula ndi manja pa Mua. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndi kugumula mapiri m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anthu ambiri adagona m'matchalitchi ndi m'makalasi, ndipo palibe adafunsidwa khadi la ubatizo pakhomo. Kukhoma msonkho pa ntchito zoterezi ndiko kutapa ufa m'lichero la mwana wamasiye kuti ukamuphikire phala mwana yemweyo, ndipo ufa wina umatayikira panjira.

Komanso parishi ilibe eni masheya oti pakutha pa chaka akhale pansi n'kugawana phindu. Chopereka cha Lamulungu, mtulo ndi masika zimachokera m'matumba a anthu amene ndalama zawo zidadulidwa kale. Agogo akabwera ndi thumba la chimanga pa tsiku la masika sadagule kanthu ndipo parishi sidagulitse kanthu. Msonkho wa phindu ungakhomedwe bwanji pamene phindu palibe?

Koma tisathamangire kudziombera m'manja. Zipatala za mishoni zimalipiritsa, ndipo alipo amayi amene amazilambalala n'kuyenda mtunda wautali kupita ku chipatala cha boma chifukwa chosowa ndalama. Malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ambiri a m'zipatala za CHAM amachokera ku boma, ndiye kuti kwa wokhoma msonkho yemwe uja. Izi sizifafaniza ntchito yabwino ya Mpingo ayi, koma zikuonetsa kuti mayi wa tomato uja watilipirira kawiri, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kumene ndalama yake yapita.

Pali chifukwa chinanso chimene ife a Malawi sitiyenera kuchiiwala. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya Maepiskopi ya nyengo ya Lenti, imene idatchula poyera za umphawi, za malipiro osakwanira, za anthu otsekeredwa m'ndende popanda mlandu ndi za mantha amene adagwira dziko. Zimene zidatsatira makolo athu akuzikumbukira: Maepiskopi adaitanidwa kukafunsidwa ndi apolisi, Monsinyo John Roche amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu adapitikitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka idatenthedwa. Boma lofuna kutseka pakamwa pa Mpingo silisowa chida, ndipo msonkho ndi chida chabwino koposa moto, chifukwa sutulutsa utsi. Amene akuganiza kuti tikukokomeza ayang'ane ku Nicaragua, dziko la ku Central America kumene Akatolika ndi ochuluka. Kumeneko boma la Daniel Ortega lidathamangitsa asisiteri a chipani cha Mayi Teresa m'chaka cha 2022, lidagamula Episkopi Rolando Álvarez kuti akakhale kundende zaka 26 mu 2023 lisanawatulutse m'dziko, ndipo mu Ogasiti 2024 lidatseka mabungwe 1,500 tsiku limodzi n'kuchotsanso chikhululukiro cha msonkho chimene mipingo inali nacho. Motero chikhululukirochi chiyenera kukhala cholembedwa m'lamulo, chofanana kwa tchalitchi, mzikiti ndi bungwe lililonse lokwaniritsa zofunika. Chikasanduka mphatso ya mtsogoleri kwa abusa amene amamupempherera pa misonkhano ya chipani, chasanduka chingwe cha pakhosi.

Mpaka apa akhristu ambiri akugwedeza mitu movomereza. Tsopano titembenukire m'nyumba mwathu momwe, kumene timamva mawu akuti ndalama za Mulungu sizifunsidwa, ndiponso akuti chilichonse chimene chili pa malo a mishoni ndi chopatulika. Mawu amenewa ife tikuwakana, ndipo amene akutilimbitsa mtima ndi zimene zidachitika ku Italy, pakhomo penipeni pa Vatican.

M'dziko limenelo munali msonkho wa nyumba ndi malo wotchedwa ICI, wolipidwa ku makhonsolo. Nyumba za mabungwe osachita malonda, kuphatikizapo za Mpingo, zinali zokhululukidwa. M'chaka cha 2006 lamulo lidafotokozedwa mwakuti nyumba ikhoza kukhululukidwa malinga ntchito yochitikamo isakhale ya malonda okhaokha. Mawu aang'ono akuti okhaokha ndiwo adatsegula chipata. Nyumba zambiri za zipani za ansembe ndi asisiteri, zimene zidatsala zopanda anthu chifukwa cha kuchepa kwa maitanidwe, zidasanduka malo ogona alendo odzaona mzinda wa Rome. Alendo ankalipira monga amalipirira pa hotelo iliyonse, koma nyumbazo zinkatha kupewa msonkho, ndipo anthu ankanyogodola kuti n'kokwanira kusiya kachipinda kamodzi kopemphereramo kuti hotelo yonse iyere. Amene adadandaula sadali adani a chikhulupiriro. Adali sukulu ina ya ana yotsata njira ya Montessori ku Rome ndi mwini wa kanyumba kena kogona alendo, anthu amene ankachita ntchito yofanana ndi ya nyumba za Mpingozo koma iwo akulipira msonkho wonse.

Nthambi ya European Commission idagamula mu Disembala 2012 kuti chikhululukiro chimenechi chinali chokondera, koma idati ndalama zakale n'zosatheka kuzitolera. Apo n'kuti boma la Italy litasintha kale lamulo chaka chomwecho kuti mbali ya nyumba yochitiramo malonda izilipira. Odandaula aja sadagonje. Pa 6 Novembala 2018 bwalo lalikulu la milandu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya lidati kuvuta kwa kutolera si chifukwa chokwanira chokhululukira ngongole, ndipo mu 2023 Italy idalamulidwa kuti itolere msonkho wa zaka za 2006 mpaka 2011. Mlandu udatenga zaka zoposa khumi, ndipo pa zaka zonsezo dzina la Mpingo linkatchulidwa m'manyuzipepala pamodzi ndi mawu akuti kuzemba msonkho. Tilingalire kuti ndi achinyamata angati a ku Italy amene adasiya kupita ku Misa atawerenga zimenezo.

Malemu Papa Francis sadadikire oweruza. Mu Sepitembala 2015, atangopempha kuti parishi iliyonse ndi nyumba iliyonse ya zipani ku Ulaya ilandire banja limodzi la othawa nkhondo, adacheza ndi wailesi ya Chikatolika ya ku Portugal ya Rádio Renascença. Adanena za zipani zimene zimasandutsa nyumba zawo zopanda anthu kukhala mahotelo, ndipo yankho lawo linali lachidule: ngati mwasankha kuchita malonda, lipirani msonkho monga wina aliyense. Mawu amenewa adatuluka pakamwa pa wolowa m'malo mwa Petro Woyera, osati pa mkulu wa bungwe lotolera misonkho.

Nanga kwathu kuno? Madayosizi, maparishi ndi zipani zili ndi maholo obwereketsa pa maukwati, nyumba zogona alendo, zigayo, mashopu a lendi, minda, ndi masukulu ena amene fizi yake mwana wa katekisiti sangaifike. Sitikunyoza zimenezi. Thandizo la kunja lidachepa, ndipo Mpingo wodzidalira uyenera kukhala ndi pogwira. Koma chigayo cha parishi chikamapikisana ndi chigayo cha mayi wamasiye wa tsidya la msewu, iye akulipira zonse zimene boma limafuna, parishi iyenera kulipira chimodzimodzi. Tikudziwa yankho limene limabwera: phindu lake limapita ku ntchito za Mulungu. Inde, koma ngakhale mwini golosale amene amalipirira fizi ana amasiye asanu amayamba walipira msonkho, kenaka n'kuthandiza ndi zotsala, ndipo palibe amamutcha wopatulika. Mapanga awiri avumbwitsa. Nyumba imodzi singakhale hotelo pamene mlendo akulipira, n'kusanduka nyumba ya mapemphero pamene wa MRA wafika.

Chiphunzitso chathu chomwe sichitipatsa pobisala. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2240, amaika kulipira msonkho pakati pa maudindo a mkhristu pa dziko lake, ndipo pa nambala 2409 amaika kuzemba msonkho m'gulu la machimo olakwira lamulo lachisanu ndi chiwiri, pamodzi ndi kulipira antchito malipiro achinyengo. Mu Mthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 17, okhometsa msonkho wa ku Nyumba ya Mulungu atafika kwa Petro, Ambuye adaonetsa kuti Iwo, pokhala Mwana, sadali okakamizidwa kulipira, komabe adalipira, wawo ndi wa Petro, kuti asakhumudwitse anthu. Amene anali ndi ufulu wonse adausiya. Ndipo vuto la anthu othawira m'tchalitchi pothawa msonkho si lachilendo. Mfumu Constantine itamasula atsogoleri a Mpingo ku maudindo olemetsa a boma m'chaka cha 313, sipadapite zaka zambiri isanakakamizike kuika lamulo lina loletsa anthu achuma kulowa unsembe, chifukwa ena ankaufuna pofuna kupulumutsa chuma chawo.

Anthu otere alipo mpaka lero, ndipo ndiwo amakwiyitsa dziko. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito ndi kupemphera, mlaliki wina adadyetsa akhristu ake udzu mu 2014, ndipo wina adawapopera mankhwala a Doom kumaso mu 2016. Bungwe la boma loona za ufulu wa zipembedzo la CRL litafufuza, lipoti lake la 2017 lidaonetsa kuti ena mwa atsogoleriwa sankasunga ndalama za mpingo ku banki ndipo ankazemba msonkho. Kwathu kuno nakonso sitisowa madzi ndi mafuta ogulitsidwa m'mabotolo, kapena mbewu yofesedwa m'thumba la munthu mmodzi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amene akuti mipingo yonse ikhomedwe msonkho akufuna kuphwanya mkhate kuti aphe khoswe, ndipo amene akuti ndalama za Mulungu sizifunsidwa akufuna khosweyo akhalebe pomwepo. Njira yomuchotsera mkhate osasweka ilipo, ndiyo kuyatsa nyali. Bungwe lililonse lofuna chikhululukiro lionetse chaka ndi chaka zimene lalandira, zimene lagwiritsa ntchito, zimene mtsogoleri walandira, ndiponso kuti galimoto ndi nyumba zidalembedwa m'dzina la yani. Zimene mtsogoleri walandira zikhomedwe msonkho monga malipiro a munthu aliyense.

Ife Akatolika tikadayenera kukhala oyamba kupempha zimenezi, pakuti malamulo athu adazilamula kale. Lamulo la Mpingo la nambala 537 limati parishi iliyonse ikhale ndi komiti ya zachuma. La nambala 1287 limati oyang'anira chuma azipereka lipoti kwa akhristu pa zinthu zimene akhristuwo adapereka. Wachinyamata akaimirira pa msonkhano wa mphakati n'kufunsa mwaulemu kuti ndalama za pepa sande zidagwira ntchito yanji, sakuchita mwano kwa Bambo Mfumu. Akukumbutsa za lamulo limene Papa John Paul II adalisainira m'chaka cha 1983. Parishi imene chuma chake chili m'manja oyera sitaya kanthu poika ziwerengero pa bolodi.

Tsopano tifike kwa anzathu a zaluso, amene akhristu ena amawayang'ana chammbali ngati mlendo wobwera pa nthawi ya nsima. Amati Mpingo uli ndi zipatala, nanga a zisudzo ali ndi chiyani? Tisanayankhe, titsegule buku la Ezara, mutu 7. Mfumu ya ku Persiya polamula kuti otumikira ku Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu asakhomedwe msonkho, sidatchule ansembe ndi Alevi okha. Idatchulanso oimba nyimbo. Kuyambira kale lomwe, woimba ndi wansembe adalembedwa pa mzere umodzi.

Malamulo athu ambiri adachokera ku England, ndipo kumeneko kudachitika milandu iwiri yoyenera kuti Mkatolika aliyense aidziwe. M'chaka cha 1943 bwalo la apilo lidagamula kuti kwaya yotchuka ya Royal Choral Society ikuchita ntchito yokomera anthu onse, chifukwa kuimba nyimbo zapamwamba pamaso pa anthu ndi njira ina yowaphunzitsira, motero sikuyenera kukhomedwa msonkho. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1949, bwalo lalikulu la House of Lords lidagamula kuti mphatso yoperekedwa kwa asisiteri a Chikarimeli a ku Notting Hill mu London, amene moyo wawo wonse ndi kupemphera m'kati mwa mpanda, si mphatso yachifundo pamaso pa lamulo, popeza bwalo la milandu lilibe muyeso woyezera phindu la pemphero. Kwaya idapambana, asisiteri adagonja. Ife amene timadziwa mphamvu ya pemphero la asisiteri a Poor Clares ku Lilongwe, chigamulo chachiwirichi chimatiwawa. Koma chimatiphunzitsa kanthu. Mbali yaikulu ya zimene Mpingo umachita si jakisoni kapena choko. Ndi Misa, maliro, kulapa, kutonthoza ofedwa, kuyanjanitsa mabanja. Tikamapempha boma kuti livomereze kuti zinthu zosagwirika ndi manja ngati zimenezi zimapindulira dziko, tingatembenuke bwanji n'kuuza wa zisudzo kuti ntchito yake ilibe phindu chifukwa sigwirika ndi manja? Mpeni umene tingadulire iye ndi womwewo udadula asisiteri a ku Notting Hill. Lamulo la ku England la 2006 lidaika chipembedzo ndi zaluso pa mndandanda umodzi wa ntchito zachifundo, n'kufuna kuti chilichonse mwa ziwirizi chionetse mmene chikupindulira anthu.

Ndipo ndani pakati pathu anganene kuti zaluso sizidapulumutse moyo? Pa zaka zimene Edzi inkatha anthu, pamene ngakhale paguwa dzina la matendawa linkatchulidwa monong'ona, masewero a pa wailesi monga Tikuferanji ndi Zimachitika adalowa m'nyumba zimene dokotala sakadalowamo, nayankhula nkhani zimene bambo ndi mwana wake sakadatha kukambirana. Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata adanena pa siteji zimene anthu ankaopa kunena m'misewu. Mpingo wathu womwe uli ndi umboni. Pa Mua, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, ndipo kumeneko osema aphunzira ntchito yodyetsa mabanja awo, pamene mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao yasungidwa kuti adzukulu adzaione. Ku Balaka, Alleluya Band idabadwira pa parishi mu 1978, ndipo m'menemo mudatuluka Paul Banda, Lucius Banda ndi ena ambiri amene adasintha kaimbidwe ka dziko lino. Papa John Paul II adalembera aluso kalata yawoyawo m'chaka cha 1999, momwe adanena poyera kuti Mpingo umawasowa. Tsono ngati ntchito ya kusema ili yoyenera kutetezedwa ikakhala pa malo a mishoni, yasintha bwanji ikachitikira pansi pa mtengo wa mango ku Ndirande kapena ku Chinsapo?

Aluso a dziko lino sadalemere ndi chifundo cha boma. French Cultural Centre ku Blantyre, kumene mibadwo ya a zisudzo idakulira, itatsekedwa mu 2011 idaonongeka anthu akuona. Gulu la achinyamata lofuna kuonetsa sewero limayamba lalipira holo, zokuzira mawu ndi galimoto, ndipo zikatha zonsezi zotsala sizikwana ngakhale kugula sopo wochapira zovala za seweroli. Gulu lotere likalembetsa mwalamulo, likakhala kuti silikugawana phindu, likuphunzitsa ana ndipo khomo lake ndi lotseguka kwa wosauka, liyenera kulandira chimene parishi imalandira. Woimba wotchuka amene wadzaza holo ya pa hotelo ndi matikiti okwera mtengo, ameneyo ali pa malonda, ndipo alipire monga chigayo cha parishi chiyenera kulipira. Nyimbo yake kukhala yauzimu sikusintha kanthu. Muyeso ndi umodzi kwa onse: ndalama zikupita kuti, ndipo akuloledwa kulowa ndani.

Chimene boma siliyenera kufunsa ndi chakuti sewerolo likunena chiyani. Dziko lino lidakhalapo ndi bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi masewero pansi pa lamulo la 1968, ndipo mlakatuli Jack Mapanje adakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Chikhululukiro cha msonkho chikadzayamba kuperekedwa kwa magulu oimba zotamanda okha, tidzakhala tabwerera komweko. Apa wa zisudzo ndi Episkopi ali m'bwato limodzi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti kawirikawiri sadziwana.

Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha 1965 chonena za Mpingo m'dziko la masiku ano, pa ndime 76, udaphunzitsa kuti Mpingo suika chikhulupiriro chake pa mwayi wapadera wochokera ku boma, ndipo uli wokonzeka kusiya ngakhale ufulu umene udaupeza mwachilungamo ngati ufuluwo ukuchititsa anthu kukayika umboni wake. Lawrence Woyera, dikoni wosunga chuma cha Mpingo wa ku Rome, amene adaphedwa m'chaka cha 258, ataumirizidwa kuti aonetse chumacho, mbiri imati adasonkhanitsa osauka, olumala ndi amasiye nawaimika pamaso pa wolamula. Tisaiwale kuti adatha kuchita zimenezi chifukwa ndalamazo zidapitadi kwa anthuwo. Bungwe lililonse lofuna kubwereka yankho la Lawrence liyambe laonetsa anthu ake osaukawo, ndi malisiti omwe.

Choncho pempho lathu kwa Bambo Mfumu, a khonsolo ya parishi ndi a komiti ya zachuma ndi lakuti lipoti la chuma lisamangowerengedwa mothamanga pa nthawi ya zolengeza, ana akulira ndipo anthu akuyang'ana kukhomo. Lilembedwe, liikidwe pa bolodi la panja pomwe ngakhale wodutsa wa mpingo wina angaliwerenge, ndipo ndalama za malonda zikhale m'buku losiyana ndi la chopereka, pooneka bwino zimene zaperekedwa ku boma. Tikupemphanso za holo. Loweruka imakhala ndi ukwati wolipira, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma achinyamata a zisudzo ndi magule a m'dera lino, Akatolika ndi osakhala Akatolika, akuyeserera masewero awo pa bwalo la mpira, mvula ikagwa n'kubalalika. Lachitatu masana holo ija imakhala yokiya, mipando itasanjikizidwa pakona.